Lamulo la Nsomba Liyamba Liti? Funso la pa Magombe a Karonga

Mwezi wa October ukamatha, pamene mphepo ya mwera yaleka ndipo mchenga wa pa gombe watentha kotero kuti munthu sangaupondenso wopanda nsapato, pamabuka funso limodzi m'madooko a boma la Karonga, kuyambira ku Kaporo kumpoto kufikira ku Ngara ndi Chilumba kummwera. Funso lake n'lakuti: kodi lamulo la nsomba liyamba liti? Wina amati liyamba pa 1 November monga mwa nthawi zonse. Wina amati wamva pa wailesi kuti kwabwera lamulo latsopano ndipo masiku asintha. Wachitatu amati lamulo latsopanolo lilipo ndithu, koma silinasainidwe. N'kutheka kuti onse atatu akunena zimene anamvadi, pakuti aliyense anatola mbali yake ya nkhani imodzi.

Funso limeneli si laling'ono. Mwini khoka amene wakongola ndalama zogulira ukonde afuna kudziwa ngati adzauponya m'madzi masabata awiri kapena miyezi iwiri asanaupachike. Mayi wogula usipa nakauyanika pa thandala afuna kudziwa ngati aike mpamba wake wonse pa nsomba kapena agulireko mpunga. Mlangizi wa za usodzi afuna kudziwa tsiku limene ali ndi mphamvu yolanda chida choletsedwa popanda kulakwira munthu. Ndipo nsomba, zimene sizidziwa za ofesi, zimaswana pa nthawi yake, kaya lamulo layamba kaya silinayambe. M'boma la anthu oposa 365,000, monga mwa kalembera wa 2018, m'mene ndiwo za mabanja ambiri ndi fizi ya ana ambiri zimachokera m'nyanja, kuphonya tsiku ndiko kuphonya chakudya.

MALIRE AKE NDI OTANI?

Choyamba chofunika kuchimvetsa ndi ichi. M'maiko ena, monga a ku Ulaya, boma limauza asodzi kulemera kwa nsomba zimene aloledwa kugwira pa chaka, ndipo muyeso ukakwana usodzi umaima. Njira imeneyi siyenerana ndi asodzi a mabwato a pa Nyanja ya Malawi, pakuti madooko ndi ochuluka, ndipo nsomba zimagulitsidwa m'bandakucha m'zidebe ndi m'mabeseni popanda sikelo. Chifukwa chake malire amene Boma linaika ali a mitundu inayi: a nthawi, a chida, a malo, ndi a msinkhu wa nsomba.

Malire a nthawi ndiwo amene anthu amawatcha kutseka nyanja. Kwa zaka zambiri nyengo imeneyi yakhala ikuyamba pa 1 November, ndipo kwa nthawi yaitali inkatha pa 31 December. Komatu mawu akuti kutseka nyanja amasokeretsa, chifukwa cholinga cha nyengoyi sichinali kuletsa usodzi wonse. Chinali kuletsa makoka okokera ku gombe, amene amasesa m'madzi osaya momwe chambo chimaswana. Malire a chida ndiwo onena za kukula kwa maso a ukonde ndi kuletsa zinthu monga masikito, amene sasiya ngakhale kansomba kobadwa dzulo. Malire a malo ndiwo madera amene apatulidwa kuti nsomba ziswanemo mwamtendere. Malire a msinkhu ndiwo oletsa kugwira nsomba yosakhwima: malamulo a usodzi a mu 2000 analetsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15 ndi nsomba ya mpasa yosakwana masentimita 30.

Tsono munthu akamva kuti malire asintha, funso loyamba liyenera kukhala lakuti: malire ati mwa anayiwa? Ena amagwira ntchito chaka chonse, ena miyezi yowerengeka chabe. Ena akhudza mwini khoka, osakhudza mwini chilimira kapena mwini mbedza. Chisokonezo chambiri chimayambira pomwepa, pamene zinthu zinayi zanenedwa ndi dzina limodzi.

KUMENE MALAMULOWA ANACHOKERA

Malamulo a nsomba sanayambe dzulo. Mu 1939 akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, anayendera nyanja kufufuza za nsomba zake ndi usodzi wake. Kuyambira mu 1945 kufikira mu 1947 katswiri wina, Rosemary Lowe, anafufuza za moyo wa chambo ndi kaswanidwe kake, ndipo zimene anapeza zinathandiza Boma la masiku amenewo kudziwa nyengo imene nsombayi ifunika kuitchinjiriza. Lamulo la usodzi linakhazikitsidwa mu 1949, lina linalowa m'malo mwake mu 1973, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la kusunga ndi kuyendetsa usodzi, limene malamulo ake otsatira anatuluka mu 2000.

Lamulo la 1997 linabweretsa chinthu chatsopano. Chambo chitatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, Boma linaona kuti alangizi okha sangathe kulondera madzi onse, ndipo mu 1993 linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'madooko a Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Njira imeneyi inalowa m'lamulo nifalikira m'maboma onse a m'mbali mwa nyanja, Karonga yemwe. Inali nzeru yabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma inachulukitsanso pakamwa potuluka malamulo. Kale mawu ankachokera ku likulu kokha. Kuyambira pamenepo anayamba kuchokera ku likulu, ku khonsolo ya boma, kwa mafumu, ndi ku komiti ya pa dooko, ndipo aliyense wa awa ali ndi tsiku lake.

MASIKU ASANU A LAMULO LIMODZI

Lamulo lililonse latsopano limadutsa m'masiku asanu, ndipo munthu amene sawasiyanitsa adzanena zoona pa tsiku lolakwika.

Tsiku loyamba ndilo la kukambirana. Akuluakulu a Nthambi ya Usodzi, mafumu, asodzi ndi mabungwe amakhala pansi nanena kuti nkoyenera kutalikitsa nyengo yotseka kapena kukulitsa maso a ukonde. Atolankhani amalemba, wailesi imaulutsa, ndipo mawu akafika ku gombe amafika atavala kale malaya a lamulo, chonsecho akali maganizo. Chimodzimodzi ndondomeko za Boma, monga ndondomeko ya usodzi ndi ulimi wa nsomba ya 2001 ndi inzake ya 2016: zimaonetsa kumene Boma lifuna kupita, koma palibe munthu angaimbidwe mlandu chifukwa cha ndondomeko yokha.

Tsiku lachiwiri ndilo la kusaina, pamene Nyumba ya Malamulo, kapena Nduna, kapena khonsolo yavomereza zolembedwazo. Pa tsikuli pamakhala mwambo, zithunzi ndi zolankhula, ndipo anthu ambiri amayesa kuti ntchito yatha. Koma malamulo a khonsolo, monga mwa lamulo la maboma aang'ono la 1998, sakhala ndi mphamvu kufikira Nduna itawavomereza, ndipo pakati pa holo ya khonsolo ndi tebulo la Nduna pangathe kupita miyezi.

Tsiku lachitatu ndilo la kusindikiza mu Gazeti ya Boma. Gawo 74 la Malamulo Aakulu a dziko lino limanena poyera kuti lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo silingayambe kugwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazeti. Gawo lomwelo limalolanso Nyumbayo kuika tsiku lina lamtsogolo loti lamulo lidzayambe, ndipo limeneli ndilo tsiku lachinayi. Chotero lamulo lingathe kukhala losainidwa ndi losindikizidwa, koma likudikirabe tsiku lake.

Tsiku lachisanu sililembedwa m'buku lililonse, koma ndilo lalikulu kwa msodzi: tsiku limene iye wamva. Gazeti imalembedwa m'Chingerezi, ndipo siigulitsidwa pa dooko. Pamaso pa khoti, kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu. Koma pamaso pa anthu, lamulo limene lafika pamodzi ndi wolanda ukonde limaoneka ngati msampha, ndipo anthu salemekeza msampha, amangophunzira kuulambalala.

CHIFUKWA CHAKE VUTOLI LIMAKULA KU KARONGA

Pali zifukwa zitatu zimene zimachititsa kuti masiku asanuwa atalikirane kwambiri ku Karonga.

Choyamba ndi mtunda ndi chilankhulo. Kuchokera ku Lilongwe, kumene kuli likulu la Nthambi ya Usodzi, kufika ku Karonga pali makilomita oposa 500. Kalata ikafika, iyenera kumasuliridwa m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, zimene ndizo zilankhulo za m'midzi ya Kyungu, Kilupula, Mwakaboko, Mwirang'ombe ndi Wasambo. Pa kumasulira kulikonse pamagwa kanthu, ndipo kawirikawiri chimene chimagwa ndicho chofunika koposa: dzina la chida choletsedwa, ndi tsiku lotsegulira.

Chachiwiri ndi kuyenda kwa asodzi. Msodzi wa usipa sakhala malo amodzi. Amatsata nsomba, ndipo amanyamula m'mutu mwake malamulo a kumene wachokera. Nyanja za dziko lino sizitsekedwa tsiku limodzi. Kwa zaka zambiri nyanja ya Malombe yakhala ikutsekedwa kuyambira pa 1 October, pamene nyanja ya Chilwa yakhala ikutsekedwa kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February. Pa Nyanja ya Malawi pomwe, maboma ena anapanga malamulo awoawo oonjezera pa a dziko lonse. Boma la Nkhata Bay linali pakati pa oyamba kuchita zimenezi, mothandizana ndi bungwe la Ripple Africa. Pambuyo pake ntchito ya REFRESH, imene inayamba mu 2019 ndi thandizo la dziko la America, inagwira ntchito ndi makhonsolo ndi makomiti a asodzi m'maboma asanu ndi atatu a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Karonga. Zonsezi zinali zabwino kwa nsomba. Koma zotsatira zake n'zakuti amuna atatu okhala pa bwato limodzi, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhata Bay, wina wa pomwepo, angathe kutchula masiku atatu osiyana, ndipo aliyense akunena zoona za kwao.

Chachitatu ndi malire a dziko. Kutsidya kwa mtsinje wa Songwe kuli Tanzania, imene ili ndi malamulo akeake a usodzi, ndipo anthu ambiri a kumpoto kwa Karonga amamva Chiswahili namvetsera wailesi za kumeneko. Nkhani ya nyanja ya Tanganyika ionetsa kuopsa kwake. Maiko anayi a m'mbali mwa nyanjayo, Burundi, DR Congo, Tanzania ndi Zambia, anapangana kuti aziitseka chaka chilichonse kuyambira pa 15 May kufikira pa 15 August. Mu 2023, tsiku litayandikira, asodzi ndi aphungu a ku Tanzania anadandaula, ndipo boma lao linayamba laimitsa chiletsocho. Linadzatseka mbali yake ya nyanjayo mu 2024. Ngati maboma anayi, okhala ndi nduna ndi akatswiri, anasemphana pa tsiku limene anagwirizana okha, nkosadabwitsa kuti msodzi wa ku Kaporo, atamva m'Chiswahili kuti nyanja yatsekedwa kapena kuti kutseka kwaimitsidwa, asadziwe kuti akunena nyanja iti.

AMENE AMALIPIRA

Chisokonezo chotere chili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira poyamba ndiye msodzi womvera. Iye akamva kuti lamulo layamba, amapachika khoka lake. Mnzake amene anamva zosiyana amapitiriza kukoka, napeza nsomba zambiri ndi mtengo wabwino chifukwa opikisana naye achepa. Zikadziwika pambuyo pake kuti tsiku linali lisanafike, womvera uja amasekedwa, ndipo chaka chamawa sadzafulumiranso kumvera. Motero chaka chimodzi cha mphekesera chimaononga mwambo umene unamangidwa zaka zambiri.

Wachiwiri ndiye wa komiti ya pa dooko. Iye salandira malipiro, ndipo amene awalanda maukonde ndi abale ake, apongozi ake ndi anzake opemphera nao. Mphamvu yake yonse ili pa kunena zoona. Akalanda chida tsiku lisanakwane, nauzidwa kuti abweze, mawu ake sadzalemeranso pa gombe limenelo. Akazengereza chifukwa cha kukayika, anthu amati wadya chiphuphu.

Wachitatu, amene salankhula, ndiyo nsomba. Chambo chimaswana m'miyezi yotentha ndi m'dzinja. Champhongo chimakonza chisa pansi pa madzi, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake kufikira atatha kudzisamala, kenaka chimawasiya m'madzi osaya. Khoka limodzi lokokedwa pa nthawi imeneyi limapha mayi ndi ana ake onse pamodzi, ndipo sabata imodzi yotayika pa kukangana za tsiku siingabwezedwe mu March. Anthu a ku Karonga ali ndi chifukwa chapadera chosamalira zimenezi, pakuti mtundu umodzi wa chambo unatchedwa dzina la boma lao: katswiri uja Trewavas anautcha karongae mu 1941. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, linaika mtundu umenewu, pamodzi ndi mitundu ina iwiri ya chambo, pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Akuluakulu amakumbukanso nsomba ya ntchila, imene inali yochuluka m'zaka za m'ma 1950 koma inachepa mofulumira kotero kuti ana ambiri a masiku ano sanaionepo. Nsomba ya mpasa, imene imakwera mitsinje monga North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyenda, ili ndi nyengo yakeyake yosiyana ndi ya chambo, ndipo imagwidwa mosavuta pa mathiriro a mitsinje pamene ikukwera. Ichi chionetsa kuti tsiku limodzi silingatchinjirize nsomba zonse, ndipo malamulo adzapitirira kusintha pamene akatswiri akuphunzira zambiri. Kusintha sikolakwika. Cholakwika ndi kusintha kumene kwafika ngati mphekesera.

PHUNZIRO LA KU MBENJI

Pali malo amodzi pa Nyanja ya Malawi pamene funso lakuti lamulo liyamba liti silivuta. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi wakhala ukutsekedwa chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumbachi chimatsekedwa mu December nichitsegulidwa mu April, ndipo kutseka ndi kutsegula komwe kumachitika pa mwambo, pamaso pa mfumu, asodzi ndi akuluakulu a Boma. Pa nthawi yotseka asodzi onse amachoka pa chilumbacho. Palibe amene anganene kuti sanamve, pakuti analipo. Palibe amene angaope kuti mnzake atsala akusodza, pakuti anachokera limodzi.

Gombe la Karonga si chilumba, ndipo sikutheka kusamutsa anthu ake. Koma zinthu zitatu zimene zimalimbitsa Mbenji zingathe kutengedwa: tsiku lodziwika kale, pakamwa pamodzi polinena, ndi kulinena pamaso pa onse.

NTCHITO YA ANTCHITO A BOMA NDI APHUNZITSI

Boma limapanga malamulo, koma amene amawafikitsa kwa anthu ndiwo antchito ake. Kumudzi, mawu a kalaliki wa ku khonsolo kapena a mphunzitsi wamkulu amatengedwa ngati mawu a Boma lenilenilo, ngakhale atanenedwa pocheza pa sitolo. Chifukwa chake munthu wotere akafunsidwa za lamulo la nsomba, asayankhe ndi zimene anamva m'basi. Ayambe wafunsa ku ofesi ya usodzi ya boma mafunso anayi: kodi zimenezi ndi maganizo chabe kapena lamulo lovomerezedwa? Likhudza chida chiti? Likhudza madzi ati? Liyamba liti, ndipo litha liti? Yankho lopanda chimodzi mwa zinayizi silinakwane, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa akuluakulu a maofesi, chofunika ndi kulengeza msanga. Msodzi amagula ukonde ndi kukongola ndalama miyezi ingapo nyengo isanafike, kotero chidziwitso chofika sabata yomaliza ya October chimapeza ndalama zitapita kale. Chidziwitso chikhale cha tsamba limodzi, cholembedwa m'Chinkhonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, chokhala ndi chidindo ndi tsiku. Chipachikidwe pa dooko, pa msika ndi pa bwalo la mfumu, ndipo chiwerengedwe mawu omwewo pa wailesi za m'boma monga Tuntufye ndi Dinosaur. Ngati lamulo latsopano lachedwa kuvomerezedwa, nkofunika kunena poyera kuti chaka chino agwira ntchito ndi malamulo akale, pakuti ofesi ikakhala chete mphekesera ndiyo imalankhula.

Aphunzitsi ali ndi chida chimene mlangizi alibe. Ana a asodzi amakhala pamaso pao masiku asanu pa sabata, ndipo ambiri a iwo ndiwo amawerengera makolo ao makalata. M'kalasi muli lula wa masentimita 30. Lula wathunthu ndiwo muyeso umene malamulo a 2000 anaikira mpasa, ndipo theka lake ndiwo muyeso wa chambo. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake, nalemba m'kope mwake tsiku lotsekera ndi tsiku lotsegulira monga mwa chidziwitso cha ofesi, adzafikitsa lamulo pa khomo limene Gazeti siidzafikapo.

Asodzi ambiri sakana malire, chifukwa iwo ndiwo oyamba kuona kuti makoka akubwera opepuka ndi kuti ulendo wotsata usipa ukutalika. Chimene amakana ndi kupachika ukonde pamene wa mnzao ukali m'madzi. Akulu akale anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa magombe a Karonga mchenga ulipo wambiri, ndipo othamanga ali okonzeka; chotsala n'chakuti woimba wezulo aimbe kamodzi, pa nthawi yake, ndi momveka kwa onse.